MAHEDIFONI: KODI AFUNA AMPULIFAYA?



Nyengo yogulitsa mbeu ikafika ndalama zimalowa m'nyumba, ndipo ogulitsa katundu m'misika adziwa zimenezi bwino lomwe. Pakati pa zinthu zimene ayala pa mabenchi ao pali mawailesi, mafoni, ndi zomvera za m'makutu zimene anthu ambiri azitcha mahedifoni. Ena mwa ogulitsawo adzakuuzani kuti mahedifoni samveka bwino pokha-pokha mutagulanso kabokosi kena kokuza mau, kotchedwa ampulifaya. Lero tifuna kukufotokozerani ngati mau amenewa ali oona, kuti ndalama ya mtedza kapena ya fodya wanu isapite pa chinthu chimene simuchisowa.

Yankho lake mwachidule ndi ili. Mahedifoni ambiri amene mudzawapeza pa msika safuna ampulifaya yapadera. Alipo owerengeka amene aifuna, ndipo tikuuzani m'mene mungawadziwire. Palinso nchito imodzi m'mudzi imene ampulifaya ifunikadi, koma nchito imeneyo si ya mahedifoni ai.

M'KATI MWAKE MULI CHIANI?

Mutatsegula mbali imodzi ya mahedifoni mudzapezamo zinthu zitatu. Choyamba ndi maginito. Chachiwiri ndi kawaya konga tsitsi, kokulungidwa kambiri-mbiri. Chachitatu ndi kachikopa kopyapyala komatidwa ku kawayako. Magetsi ochokera m'wailesi kapena m'foni akadutsa m'kawaya kaja, maginito amakakoka ndi kukakankha, ndipo kachikopako kamanjenjemera monga chichita chikopa cha ng'oma. Kunjenjemera kumeneko ndiko kugwedeza mpweya, ndipo khutu lanu limva mau.

Tsono ampulifaya ndi chiani? Ndi makina amene atenga mau ofooka, natenga mphamvu ya m'batire, naiumba kuti ifanane ndi mau aja koma iri yaikulu. Dziwani ichi, pakuti ndipo pagona nkhani yonse: wailesi iri yonse ya batire ndi foni iri yonse yokhala ndi kabowo ka mahedifoni iri nayo kale ampulifaya yaing'ono m'kati mwake. Munailipira kale tsiku limene munagula foniyo. Chotero funso leni-leni ndi lakuti, kodi ampulifaya ya m'katiyo ikwanira mahedifoni amene mufuna kugula, kapena ichepa?

PHUNZIRO LA MAWAILESI AKALE

Mahedifoni ndi akale kuposa wailesi yolankhula mokweza. M'chaka cha 1910 munthu wina wa ku Utah m'dziko la America, dzina lake Nathaniel Baldwin, anayamba kupanga mahedifoni ndi manja m'khitchini ya nyumba yake, ndipo asilikali a pamadzi a dzikolo anaitanitsa okwana 100. M'zaka za m'ma 1920 anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America ankamvera wailesi yopanda batire, yopanda ampulifaya. Inali ndi waya wautali womangidwa panja, kamwala konyezimira kotchedwa crystal, ndi mahedifoni basi. Mphamvu yokhayo imene waya uja anatola mumlengalenga inakwanira kugwedeza kachikopa ka m'khutu. Koma womva anali mmodzi yekha, ena onse a m'nyumba anangodikira kuti awauze.

Kuno kwathu wailesi inafala mwa njira yina. M'chaka cha 1949 kunabwera wailesi imene anaitcha Saucepan Special chifukwa inali younda ngati sefuliya. Anailimbikira ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, ndipo anaipanga ndi a kampani ya Ever Ready ku England. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire yake yaikulu inali ya masheleni 25, yokhala maola ngati 300. Ndi wailesi imeneyi anthu a m'midzi ya ku Nyasaland ndi ku Rhodesia anamva Chinyanja chochokera ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Chifukwa ninji inafuna batire yolemera chotero? Chifukwa inali ndi ampulifaya ndi sipika, kuti khonde lonse limve pamodzi.

Taonani kusiyana kwake. Kudzaza khutu limodzi ndi mau kufuna mphamvu yochepetsetsa. Kudzaza khonde kapena bwalo kufuna mphamvu yaikulu. Lamulo limeneli silinasinthe kufikira lero.

MANAMBALA AWIRI A PA BOKOSI

Pa bokosi la mahedifoni abwino amalembapo manambala awiri, ndipo mlimi amene aŵerenga kulemera kwa thumba la feteleza akhozanso kuwerenga amenewa.

Nambala yoyamba ndi ya ma ohm. Dzinali linachokera kwa Georg Ohm wa ku Germany, amene anafotokoza lamulo la kayendedwe ka magetsi m'chaka cha 1827. Ma ohm asonyeza m'mene kawaya ka m'kati kakanizira magetsi. Ganizani za paipi yothirira dimba. Paipi yotakata itulutsa madzi ambiri ngakhale thanki iri pafupi ndi nthaka. Paipi yopapatiza ifuna thanki yokwezeka kuti madzi akankhidwe kolimba. Mahedifoni a ma ohm ochepa, monga 16 kapena 32, ali ngati paipi yotakata. A ma ohm ambiri, monga 250, 300 kapena 600, ali ngati paipi yopapatiza. Kukankha kwa magetsi kumayesedwa ndi ma volt, ndipo mafoni ambiri atulutsa volt imodzi kapena yosakwana pamenepo pa kabowo ka mahedifoni.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mphamvu ya m'mahedifoni imayesedwa ndi ma milliwatt, ndipo milliwatt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a watt. Foni yotulutsa volt imodzi ipereka ma milliwatt 31 kwa mahedifoni a ma ohm 32. Foni yomweyo ipereka ma milliwatt 4 okha kwa mahedifoni a ma ohm 250, ndipo kwa a ma ohm 600 ipereka osakwana 2. Ngati foniyo itulutsa theka la volt, manambala onsewa muwagawe panai. Apa ndipo muona chifukwa chake mahedifoni ena amveka motsika pa foni yaing'ono.

Nambala yachiwiri ndi ya ma decibel, yolembedwa dB. Imeneyi isonyeza kukula kwa mau amene mahedifoni atulutsa akalandira milliwatt imodzi. Tizomvera tambiri tating'ono titulutsa ma decibel 100 kapena kuposa. Kuti mumvetse kukula kwake, anthu awiri ocheza pa mkeka alankhula pa ma decibel ngati 60, ndipo 100 ndi phokoso loononga khutu. Ndiye kuti milliwatt imodzi yokha ikwanira kale kukupwetekani, pamene foni yanu ikhoza kupereka 31. Nanga ampulifaya yina ya chiani?

Musayang'ane nambala imodzi yokha. Mahedifoni a wailesi ya crystal ija anali a ma ohm 2,000 kapena kuposa, koma anamveka popanda batire chifukwa anali otchera kwambiri. Ndipo lero alipo ena odula amene ali ndi ma ohm ochepa koma ma decibel ao ndi otsika, ndipo amenewo afuna mphamvu yambiri. Mahedifoni ofuna ampulifaya ndi amene ma decibel ao ali otsika, makamaka ngati ma ohm aonso ali ochuluka.

MITUNDU INAI YA MAHEDIFONI

Mtundu woyamba ndi tizomvera tating'ono ta waya tolowa m'khutu, tonga tija tibwera pamodzi ndi foni. Tambiri ndi ta ma ohm 16 kufikira 32. Nthosadula, nthopepuka, ndipo sitifuna ampulifaya konse. Kuipa kwake ndi kwakuti waya wake suchedwa kuduka pafupi ndi pulagi.

Mtundu wachiwiri ndi akulu ophimba khutu lonse, otsekeka kunja kwake. Amenewa atchinga phokoso la panja, ndipo mau saturuka kukabvuta anzanu ogona. Apa chenjerani, pakuti mahedifoni a dzina limodzi akhoza kukhala ndi ma ohm osiyana. Mwachitsanzo, a kampani ya Beyerdynamic ya ku Germany apanga mahedifoni otchedwa DT 770 Pro m'mitundu ya ma ohm 32, 80 ndi 250. Maonekedwe ndi amodzi-modzi. A 32 anapangidwira mafoni ndi tizipangizo ta m'thumba. A 250 anapangidwira nyumba zoulutsira mau ndi zojambulira nyimbo, kumene makina ake akankha magetsi kolimba. Mutagula a 250 pa kaunjika wa zipangizo zakale ndi kuwaika pa foni yofooka, mudzati ngoonongeka, chikhalirecho ali bwino-bwino.

Mtundu wachitatu ndi akulu otseguka kunja kwake, okhala ndi kasefa kapena chinkhupule m'malo mwa chitseko. Oyamba a mtundu uwu anawatulutsa a kampani ya Sennheiser m'chaka cha 1968, ndipo anawatcha HD 414. Okonda nyimbo awatama chifukwa mau ake amveka momasuka. Koma salimbana ndi phokoso la panja, ndipo amene mwakhala naye pafupi amva zonse. Ena odziwika a mtunduwu, monga HD 600, ndi a ma ohm 300, ndipo awa ndiwo apindula ndi ampulifaya. Mtengo wao ngwokwera, ndipo kumvera za mitengo ya mbeu kapena za nyengo sikufuna zotere.

Mtundu wachinai ndi opanda waya, oyendera Bluetooth. Amenewa ali ndi batire yao ndi ampulifaya yao m'kati. Kuwagulira ampulifaya yina ndi kutaya ndalama. Koma kumbukirani kuti afuna kutchajidwa kawiri-kawiri, ndipo kumudzi kumene kutchaja kulipiritsa, imeneyo ndi ndalama yotuluka sabata ndi sabata.

WAYA NDIYE ERIYO

Pali chinthu china chimene ogulitsa sakonda kunena. Mafoni ambiri okhala ndi wailesi ya FM agwiritsa nchito waya wa mahedifoni ngati eriyo yokolera mau. Ndicho chifukwa chake foni imakana kutsegula wailesi mukapanda kulowetsa mahedifoni. A Bluetooth sangathe kugwira nchito imeneyi popeza alibe waya. Tsono inu amene mumvera mapologalamu a ulimi pa foni, tizomvera ta waya tosadula tija tikuthandizani koposa odula opanda waya. Wayayo muziutambasula, musaupinde-pinde m'thumba, chifukwa waya wokulungidwa ukola mau mofooka.

Yang'ananinso foni musanagule mahedifoni. Kuyambira 2016, pamene a kampani ya Apple anachotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7, mafoni ambiri odula abwera opanda kabowoka. Pa mafoni otere pafunika kachingwe kakafupi kolowa potchajira, ndipo tambiri ta tizingwe timeneti tiri ndi ampulifaya yaing'ono m'kati. Koma kachitsulo kongosintha kukula kwa pulagi, kuchoka pa yaikulu ya mamilimita 6.35 kupita pa yaing'ono ya mamilimita 3.5, sikaonjeza mphamvu iri yonse. Ndi kachitsulo chabe.

YESANI MUSANALIPIRE

Safunsa anadya phula. Popita ku msika tengani foni kapena wailesi yanu yomwe, ndipo chitani izi.

Choyamba, tsitsani voliyumu, lowetsani mahedifoni, ndipo tsegulani pologalamu ya anthu olankhula. Kwezani pang'ono-pang'ono kufikira mumve mau onse bwino osachita kutchera.

Chachiwiri, yang'anani pamene voliyumu yafika. Ngati mwamva bwino iri cha pakati, kapena yangopitirira pakati pang'ono, ampulifaya simuisowa.

Chachitatu, ikani nyimbo ya ng'oma zolemera. Ngati mwakweza mpaka kumapeto koma mau ali kutali, kapena ng'oma zikalira mau asweka ndi kusasa, ndiye kuti foniyo yalephera kukoka mahedifoni amenewo.

Zikatero muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kugula ampulifaya, imenenso idzafuna batire kapena kutchaja. Kapena mukhoza kuwabweza mahedifoniwo ndi kutenga a ma ohm 32. Kwa mlimi njira yachiwiri ndiyo yanzeru. Ngolo ikalemera kuposa ng'ombe zanu, simuthamangira kukagula ng'ombe zina musanaone ngati ngolo yopepuka ingagwire nchito yomweyo.

Dziwaninso kuti khutu silimva mphamvu monga m'mene wogulitsa aiwerengera. Mphamvu ikawirikiza kawiri, mau akwera ndi ma decibel 3 okha. Kuti khutu limve ngati mau akula kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza kakhumi. Chotero musatengeke ndi manambala akulu-akulu olembedwa pa kabokosi. Chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

ZIMENE AMPULIFAYA SINGACHIZE

Ampulifaya ikuza chiri chonse chimene yalandira, chabwino ndi choipa chomwe. Ngati wailesi ikumveka mwa phokoso longa mvula pa malata chifukwa muli kutali ndi nsanja youlutsira mau kapena kuseri kwa phiri, ampulifaya idzakuza phokosolo. Mankhwala ake ndi kutambasula eriyo ndi kusuntha malo. Ngati mbali imodzi yaleka kulira, kapena mau adukiza mukagwedeza waya, ndiye kuti waya waduka m'kati kapena fumbi ladzaza kabowo ka foni. Ngati tizomvera tayamba kumveka motsika, yang'anani kasefa ka kutsogolo kwake, pakuti phula la m'khutu limakatseka. Ndipo mahedifoni achinyengo, olembedwa dzina lotchuka koma opangidwa mwachisawawa, sadzakoma ngakhale muwaike pa makina odula chotani.

PAMENE AMPULIFAYA IFUNIKADI

Tsopano tilankhule ndi inu mafumu. M'midzi yambiri muli magulu omvera wailesi pamodzi, ndipo alangizi a zaulimi nthawi zina abwera ndi mau ojambulidwa pa foni kuti anthu amve. Anthu awiri akhoza kugawana foni imodzi ndi kachingwe ka mphanda, koma anthu makumi atatu sangatero. Pamenepa pafunika sipika. Sipika ndi ya ma ohm 4 kapena 8, ndipo idya ma watt athunthu, ndiko kunena mphamvu yoposa ya mahedifoni ka 1,000. Mutalumikiza sipika yaikulu ku kabowo ka foni popanda ampulifaya pakati, idzangonong'ona. Chotero ngati gulu lasonkha ndalama, ligule wailesi ya sipika yomveka bwino, kapena sipika yokhala ndi ampulifaya ndi batire yake m'kati, yotheka kutchajidwa ndi sola. Apa ndalama ya ampulifaya yagwira nchito, pakuti yathandiza mudzi wonse.

Koma uzani anyamata anu chinthu ichi: asayese kumanga mahedifoni ku mawaya a sipika a kumbuyo kwa ampulifaya yaikulu ya pa ukwati kapena ya ku tchalitchi. Mphamvu ya pamenepo ikhoza kupsereza kawaya ka m'kati nthawi yomweyo, ndipo ngati mahedifoniwo ali m'makutu, khutu nalo lipweteka.

SAMALANI MAKUTU

Chuma chimene chiri pa ngozi pa nkhani iyi si ndalama zokha. M'kati mwa khutu muli tizinthu tonga ubweya timene tilandira mau. Phokoso lalikulu la nthawi yaitali limatipha, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la World Health Organization lichenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa ngozi yogontha chifukwa cha kumvera mokweza. Bungweli linena kuti munthu wamkulu akhoza kumvera ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata osabvulala. Pa ma decibel 90 nthawiyo itsika kufika maola 4 okha pa sabata. Pa ma decibel 100 sikwana ndi theka la ola lomwe. Lilangizanso kuti voliyumu isapitirire magawo 60 mwa magawo 100.

Zizindikiro zake nzosabvuta kudziwa. Ngati munthu woima pafupi nanu achita kufuula kuti mumumve, mwakweza kwambiri. Ngati mutabvula mahedifoni m'makutu mulira ngati nyenje, khutu likudandaula. M'chigayo kapena m'minibasi anthu amakweza voliyumu kuti apose phokoso, ndipo pamenepo ndipo makutu aonongeka msanga. M'malo otere mahedifoni otsekeka ndi abwino kuposa kukweza. Koma pa mseu, mukupalasa njinga kapena kuyendetsa ngolo, bvulani zonse kuti mumve galimoto yochokera kumbuyo.

Kwa akulu-akulu amene makutu ao ayamba kulemera, ampulifaya ya pa msika si mankhwala. Mwina ndi phula chabe limene adokotala angachotse, mwina ndi matenda ofuna chithandizo. Pitani nao ku chipatala. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyesa makutu, ndipo achipatala a kwanuko adzakuuzani njira yofikira kwa odziwa nchitoyi. Zothandizira kumva zeni-zeni amazichuna molingana ndi khutu la munthuyo atamuyesa.

ZOTI MUKUMBUKIRE

Foni ndi wailesi ziri nayo kale ampulifaya m'kati. Pogula mahedifoni a foni, funani a ma ohm 16 kufikira 32. Ngati mumvera FM pa foni, tengani a waya. Yesani pa foni yanu musanapereke ndalama, ndipo ngati mwamva bwino voliyumu iri cha pakati, kabokosi kenako kasiyeni pa benchi. Ampulifaya isungireni sipika ya gulu. Ndipo inu mafumu, pa msonkhano wa m'mudzi ukudzawu tchulaniko za makutu a ana, pakuti mahedifoni oonongeka mugula ena, koma khutu logontha liribe sitolo.